Kugona m'tenti ndi kuwedza pa famu ya mnzanu ya m'mbali mwa nyanja yamchere, muli ndi ana

Mnzanu amene famu yake imakafika kugombe la nyanja yamchere akakuuzani kuti, "Mukamadutsa kuno mudzaime, malo alipo, mudzakhome tenti yanu," musakane. Malo otere sapezekapezeka. Ana amadzuka m'mawa n'kuona ng'ombe uku, mafunde uko, phokoso la galimoto kulibe. Koma dziwiranitu kuti malo amenewa ali ndi eni ake awiri. Woyamba ndi mnzanuyo, amene famuyo ndi pantchito pake, ndiye podyera pake. Wachiwiri ndi nyanja, imene imadzaza ndi kuphwa pa nthawi yake, ndipo chilolezo chimene mnzanu wakupatsani iyo sichiikhudza. Mukamvera awiriwa, zina zonse n'zosavuta.

Choyamba: funsani musananyamuke

Safunsa anadya phula. Muimbireni foni kudakali sabata imodzi kapena ziwiri, mumuuze tsiku lofika, tsiku lochoka ndi chiwerengero chenicheni cha anthu, ana omwe. Mawu akuti "tidzaona tikafika" amamuvutitsa mlimi, chifukwa iye amakonzeratu kumene ziweto zidzadye sabata imeneyo. Mwina pamene mukuganiza kuti mudzakhoma tenti ndi pamene akufuna kulowetsa ng'ombe zoyamwitsa.

Funsani za madzi akumwa, za chimbudzi, za moto ngati ndi wololedwa m'nyengo imeneyo, za msewu ngati galimoto yanu ingadutse mvula itagwa, ndiponso za pamene foni imagwira. Funsaninso chipatala chapafupi kuti chili kuti ndipo n'chotalika bwanji. Ngati muli ndi galu, nenani poyera. Alimi ambiri safuna galu wachilendo pafupi ndi nkhosa kapena ana a ng'ombe, ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Pali funso lina limene mnzanu sangakuyankhireni yekha, la malamulo a usodzi. M'mayiko ambiri ngakhale wowedza ndi mbedza ataima pagombe amafunika chiphaso, ndipo pamakhala malamulo a kukula kwa nsomba yololedwa kutenga, kuchuluka kwake patsiku, miyezi yoletsedwa ndi madera otetezedwa. Zimenezi fufuzani ku ofesi yoona za usodzi ya dziko limene muliko. M'mayiko ambirinso mchenga wa kumunsi kwa mzere umene madzi amafika akadzaza si wa mwini famu, ndi wa aliyense. Choncho musadabwe kuona anthu ena akudutsa pagombepo, ndipo musawathamangitse m'dzina la mnzanu.

Chachiwiri: phunzirani kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja

Apa ndichedwapo, chifukwa amene anazolowera nyanja za madzi opanda mchere ndi mitsinje chinthu chimenechi chimawadzidzimutsa. Nyanja yamchere siikhala malo amodzi. Mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, imachititsa kuti madzi akwere ndi kutsika tsiku lililonse. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, kutanthauza kuti kuchoka pa kudzaza kwina kufika pa kwinako pamapita maola 12 ndi mphindi 25. Ngati lero adzaza 6 koloko m'mawa, adzadzazanso cha m'ma 6:25 madzulo, ndipo mawa cha m'ma 6:50 m'mawa. Alipo magombe ena, monga mbali zina za Gulf of Mexico, kumene amadzaza kamodzi kokha patsiku, ndiye musaloweze nambala zanga n'kulekera pomwepo. Pezani ndandanda ya nthawi za kudzaza ya doko lapafupi ndi famuyo. Imapezeka pa intaneti. Ikopereni papepala, chifukwa kugombeko foni ikhoza kukana kugwira.

Kukwera kwakeko sikofanana masiku onse. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, dzuwa ndi mwezi zimakokera kumodzi, ndipo madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Zimenezi zimabwera pafupifupi masabata awiri aliwonse. Mwezi ukaoneka theka, kusinthaku kumachepa. Malo nawonso amasiyana: ku Bay of Fundy m'dziko la Canada madzi amatha kusintha ndi mamita pafupifupi 16, pamene mbali zambiri za Mediterranean kusinthako sikufika ndi theka la mita lomwe.

Chimene chimapha anthu ndi liwiro lake. Madzi sakwera mofanana m'maola pafupifupi 6 amene amatenga kuti adzaze. Amalinyero amawerenga motere: gawani kukwera konse m'magawo 12. Ola loyamba madzi amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu magawo atatu, lachinayi atatunso, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ndiye kuti theka la madzi onse limabwera m'maola awiri apakati. Pamene kusintha konse ndi mamita atatu, ola loyamba madzi amakwera masentimita 25 okha, munthu n'kumati zinthu zili bwino, koma ola lachitatu amakwera masentimita 75. Pagombe lathyathyathya masentimita amenewa ndi mtunda wautali ndithu. Madziwo sabweranso kutsogolo kokha. Amayamba adzaza makwawa ndi tinjira ta kumbuyo kwanu, inu mudakali pamchenga wouma, ndipo mukamatembenuka mupeza njira yobwerera yatsekeka. Madzi saiwala khwawa.

Chachitatu: katundu

Tenti yokwana anthu onse ndi katundu wawo, pulasitiki yokhuthala yoyala pansi, mabulangete okwanira chifukwa mphepo ya kunyanja imazizira m'bandakucha, tochi ya munthu aliyense, fosholo yaing'ono, ndowa ziwiri, zingwe zapadera, matumba a zinyalala, cooler box yodzaza ndi madzi oundana, zipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala a zilonda. Mwana aliyense akhale ndi jekete yoyandamitsa yomukwana, yomanga pakati pa miyendo. Tenti ikhomeni kaye pakhomo panu musananyamuke kuti muone ngati ndodo ndi zikhomo zake zakwana.

Madzi akumwa okha werengerani malita atatu pamunthu patsiku, ndipo kukatentha onjezani. Banja la anthu asanu lokhala masiku atatu likufunika malita 45, osawerengera ophikira ndi otsukira. Madzi a m'nyanja sathandiza pa ludzu: lita imodzi imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo akamwedwa ludzu limakula. Madzi a pachitsime cha pafamu amene simukuwadziwa awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. A m'chomwera ziweto asakhudzidwe n'komwe.

Chachinayi: fikani dzuwa lidakalipo, muyende ndi mwini malo

Konzani ulendo kuti mufike kudakali maola atatu dzuwa lisanalowe. Yambani mwakafika kunyumba kukapereka moni, musalunjike kugombe. Kenako pemphani mnzanuyo ayende nanu, ana ali pomwepo, akusonyezeni malire: mpanda umene uli ndi magetsi, khola la ng'ombe yamphongo, dziwe, nyumba yosungiramo mankhwala a mbewu ndi feteleza, ndi pamene mathirakitala amadutsa. Ana amamvera kwambiri akamva kuchokera kwa mwini wake kusiyana ndi kwa makolo awo.

Lamulo la geti ndi limodzi: lisiyeni mmene mwalipezera. Lotseka litsekeninso n'kuyesa ngati lagwira. Lotsegula lisiyeni chotsegula, chifukwa mwina analitsegula dala kuti ziweto zikafike kumadzi. Galimoto iyende m'njira imene ilipo kale, isaponde msipu kapena mbewu, ndipo musaitsitsire pamchenga wa pagombe. Galimoto zambiri zamira chifukwa chotitimira mumchenga madzi akubwera.

Chachisanu: sankhani pokhoma tenti

Tsikirani kugombe mukafune mzere wa zinyalala za m'nyanja, ndere zouma, timitengo ndi zigoba. Umenewo ndi pamene madzi anafika posachedwa. Yang'anani kumtunda kwake ndipo mudzaona mzere wina wakale, wouma kwambiri, wa tsiku limene madzi anakwera koposa. Tenti ikhale kumtunda kwa mizere yonse iwiri, pamene pamera udzu weniweni wa kumtunda. Ine ndimakonda kubwerera mpaka m'kati mwa famu, kuseri kwa tchire kapena kachitunda, ngakhale kuti nyanja sioneka bwino pamenepo. Kuyenda mphindi zisanu kupita kugombe ndi chitetezo chachikulu pamene muli ndi mwana amene amadzuka msanga kuposa inu.

Pewani m'khwawa louma, pansi pa phompho logumuka, pansi pa mtengo wa nthambi zouma, ndi m'njira ya ziweto yopita kumadzi. Milu ya mchenga yomera udzu isiyeni, chifukwa udzuwo ndiwo umagwira mchenga kuti nyanja isadye munda wa mnzanu.

Kukakhala bata, masana mphepo imaomba kuchokera kunyanja kupita kumtunda, popeza nthaka imatentha msanga kuposa madzi, ndipo usiku imatembenuka pang'ono. Khomo la tenti lisayang'ane kumene mphepo yamphamvu ikuchokera. Zikhomo wamba sizigwira mumchenga. Dzazani thumba ndi mchenga kapena tengani kamtengo kotalika ngati mkono, mangani chingwe pakati pake, kwirirani mopingasa m'dzenje lakuya masentimita 30, n'kupondaponda. Chingwe chomangidwa chotero sichizuka wamba.

Ngati palibe chimbudzi chimene mwaloledwa kugwiritsa ntchito, kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, patali mamita osachepera 60 kuchokera pachitsime, mtsinje ndi gombe, ndipo kwirirani mukatha. Matewera a ana ndi mapulasitiki abwerere nanu. Ng'ombe imameza pulasitiki, ndipo ikhoza kufa nayo.

Chachisanu ndi chimodzi: moto

Sonkhani pamene mwini malo wakusonyezani, pamalo opanda udzu, ndowa yamadzi ili pambali. Musatole zidutswa za mitengo ya mpanda kuti zikhale nkhuni. Yambiri inathiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola, ena okhala ndi arsenic, ndipo utsi ndi phulusa lake ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto. Mbaula, makala kapena chitofu cha gasi zisalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji kapena kugwe mvula. Zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Pozimitsa thirani madzi, takasani, thiraninso mpaka phulusa lizizire loti n'kuligwira. Musakwirire makala ndi mchenga. Mchenga umasunga kutentha mpaka m'mawa, pamwamba osaoneka kanthu, ndipo wopondapo woyamba amakhala mwana wopanda nsapato.

Chachisanu ndi chiwiri: gawanani ntchito yoyang'anira ana

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Mwana akamamira sakuwa. Ngozi zambiri zimachitika akuluakulu alipo, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Choncho tchulani dzina: "Kuyambira pano mpaka 10 koloko ana ali ndi inu, amayi ake, ikakwana ndilandira ine." Amene ali ndi ana sagwira mbedza, sagwira foni, samwa mowa, ndipo mwana wamng'ono akhale pamene dzanja lingamufikire. Kuwedza ndi kulera sizitheka nthawi imodzi, chifukwa nsomba ikangogwedeza chingwe maso onse amapita kumeneko.

Chachisanu ndi chitatu: werengani gombe madzi ataphwa

Tsiku loyamba musafulumire kuponya mbedza. Dikirani madzi aphwe, muyende pagombe n'kuona pamene pali maenje, ngalande, miyala ndi milu ya mchenga. Lembani m'mutu pogwiritsa ntchito chinthu cha kumtunda, monga mtengo kapena nsanamira ya mpanda. Madzi akabwera, nsomba zimatsata ngalande zimenezo kudzadya nkhanu ndi nyongolotsi zimene mafunde afukula. Pamene mafunde akusweka n'kuchita thovu ndi posaya. Pamene madzi akuoneka akuda ndi odekha pakati pa mafunde osweka ndi pakuya.

Malo odekhawo ndi abwino kwa msodzi koma ndi oopsa kwa wosambira. Nthawi zambiri ndi pamene madzi amene mafunde anakankhira kumtunda amabwerera kunyanja mothamanga ngati mtsinje. Munthu wosadziwa amasankha pomwepo poti palibe mafunde. Auzeni ana okulirapo kuti akakokedwa asalimbane nawo madziwo polunjika kumtunda, koma ayandame, akweze dzanja, n'kusambira chopingasa motsata gombe mpaka atuluke m'madzi okokawo. Pagombe la pafamu palibe wopulumutsa anthu. Ine sindilola ana kupitirira madzi a m'maondo pamalo otere.

Nthawi yabwino yowedza kawirikawiri ndi maola awiri madzi asanadzaze ndi ola limodzi atayamba kuphwa, makamaka ikagwirizana ndi m'bandakucha kapena chisisira. Ngati famuyo ili ndi mtsinje wothira m'nyanja, yambirani pamenepo ndi ana. Madzi ake ndi odekha ndipo tinsomba timadya pafupipafupi, zimene zimamusunga mwana pamalo amodzi.

Chachisanu ndi chinayi: mangani mbedza, ponyani

Musadzichulukitsire zida. Ndodo yaitali mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono ndi ya wamkulu woponya kuseri kwa mafunde, ndipo ana apatseni zazifupi. Kumapeto kwa chingwe mangani mtovu wolemeretsa chingwecho, ndipo masentimita 30 kapena 40 pamwamba pake lumikizani kachingwe kafupi ka mbedza. Pamchenga mtovu wa ngodya umagwira pansi, wobulungira umagubuduzika. Pamiyala mangani mtovu ndi chingwe chofookerapo, kuti ukakodwa uduke wokha n'kukusiyirani zina zonse.

Mfundo imodzi ikukwanirani. Pisani chingwe padiso la mbedza, kulungani nsonga yake kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pachingwe chachikulu, ibwezeni ilowe pakampata ka pafupi ndi diso, kenako ilowe m'chizinga chachikulu chimene chapangika. Nyowetsani ndi malovu musanakoke, chifukwa chingwe cha nayiloni chikakokedwa chouma chimatentha n'kufooka. Kokani mwamphamvu, dulani chotsala.

Nyambo yabwino ndi imene nsombazo zimadya pamalopo: nyongolotsi za mumchenga, tinkhanu, tinyama ta m'nyanja monga prawn ndi squid, kapena kachidutswa ka nsomba yamafuta. Funsani mnzanu kapena antchito ake, iwo amadziwa chimene chimagwira pagombe lawo. Mbedza yaing'ono imagwira nsomba zazing'ono ndi zazikulu zomwe, pamene yaikulu imangodyetsa nyambo.

Pa mbedza za ana finyani kaminga kobwerera kumbuyo kaja ndi pulayala. Nsomba zina zidzapulumuka, koma mbedza ikalowa m'chala imatuluka mosavuta. Musanaponye tembenukani muone kumbuyo, nthawi iliyonse. Mukaponya kungani chingwe mpaka mumve mtovu, ikani chala pachingwe, dikirani. Kugwedeza kwa mafunde kumabwera mwa kanthawi kofanana, pamene kwa nsomba kumakhala kodukizadukiza. Ikakoka motsimikiza kwezani ndodo, musazule mwaukali, ndipo lolani funde likuthandizeni kuitulutsira pamchenga.

Pamatanthwe ana asapite. Wamkulu wopitako ayambe wakhala patali mphindi 15 kapena 20 akuonerera mafunde, chifukwa aakulu amabwera patapita nthawi. Avale jekete yoyandamitsa ndi nsapato zosaterera, asafulatire nyanja, ndipo asapite yekha. Thanthwe lonyowa ndi umboni woti funde linafikapo. Mukamva bingu, ikani ndodo pansi n'kukalowa m'galimoto kapena m'nyumba. Ndodo zambiri za masiku ano ndi za carbon, zimene zimadutsitsa magetsi, ndipo tenti siteteza ku mphenzi. Dikirani mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza.

Chakhumi: nsomba ikatuluka

Iyezeni kaye. Yochepera pa lamulo igwireni ndi manja onyowa, ichotseni mbedza msanga, ibwerere. Imene mukuitenga ipheni pomwepo poimenya mwamphamvu pamutu, kuseri kwa maso, kenako dulani makha kuti magazi atuluke, itumbuleni, itsukeni ndi madzi a m'nyanja n'kuiika m'madzi oundana. Nsomba yosiyidwa m'ndowa padzuwa imawonongeka msanga. Mitundu ngati tuna ndi mackerel ikatenthedwa chotero imapanga poizoni wotchedwa histamine, amene amayambitsa zidzolo, mutu ndi kusanza, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Nsomba imene simukuidziwa musaidye musanafunse. Imene imadzitupitsa ngati mpira ikagwidwa, yotchedwa pufferfish, ili ndi poizoni wakupha amene moto sumuthetsa. M'nyanja zotentha za matanthwe a korali, nsomba zikuluzikulu zodya zinzake monga barracuda zimatha kukhala ndi poizoni wa ciguatera. Nkhono za m'zigoba ziwiri musatole popanda kufunsa eni dera, chifukwa zimasefa madzi n'kusunga poizoni wa ndere zina ndiponso zonyansa zotsika ndi madzi a kumunda.

Poyenda m'madzi osaya khwekhwerezani mapazi kuti stingray, nsomba yathyathyathya yobisala mumchenga, imve n'kuthawa. Wina akabayidwa ndi munga wake, viikani malowo m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa, kwa mphindi zosachepera 30, kenako pitani kuchipatala. Mbedza ikalowa kwambiri, kapena pafupi ndi diso, musaikoke. Dulani chingwe, phimbani, pitani kuchipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata.

Gwirani zoti mudye tsiku limenelo ndi zoti mukapereke kunyumba kwa mnzanu, basi. Zimene mukupereka zikhale zopala kale ndi zotumbula. Matumbo atayireni m'nyanja madzi akuphwa, osati pafupi ndi tenti pamene angaitane agalu ndi ntchentche. Zidutswa za chingwe ndi mbedza zakutha zilowe m'chitini chotseka. Chingwe cha nayiloni chimakola mbalame miyendo, ndipo mbedza yotsala ndi nyambo galu wa pafamu amaimeza.

Pochoka

Madzulo aliwonse, komanso tsiku lochoka, yang'anani ana m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'mphechepeche ngati muli nkhupakupa, popeza pamene pali ziweto sizisowa. Mukaipeza igwireni ndi kopanira pafupi penipeni ndi khungu n'kukoka molunjika, osapotokola.

Tsukani ndodo, chokulungira chingwe (reel), mipeni ndi zipi za tenti ndi madzi opanda mchere, apo ayi dzimbiri lidzakhala litagwira musanafike kumene mukupita. Tenti ipindeni itauma, ndipo ngati mwaipinda yonyowa mukaiyanike pamalo otsatira. Kwirirani maenje onse amene ana anakumba, chifukwa ng'ombe kapena hatchi ikhoza kuthyoka mwendo. Mukatha kulongedza, imani mondondozana banja lonse, muyende pang'onopang'ono pamalo onse aja mukutola zikhomo, zotsekera mabotolo ndi tizingwe.

Kenako pitani kunyumba mukatsanzike. Ngati china chawonongeka, waya wa mpanda waduka kapena mpopi wathyoka, nenani nokha ndipo lipirani. Muuzeninso zimene mwaona zoti iye sanazione, monga nkhosa yotsimphina kapena pamene mpanda wagwa cha kugombe. Wina m'banjamo akadzatentha thupi m'masabata otsatira, mukamuuze dokotala kumene munagona ndiponso ngati munapeza nkhupakupa kapena munalumidwa ndi udzudzu.